Chisanu Chitagwera Khofi wa Nkhutu

Wailesi ya m'khitchini mwa akulu ake ndiyo inamudzutsa Nkhutu m'mawa wa Loweruka. Woulutsa mawu ankalankhula mosatekeseka, ngati akulengeza za mbuzi yosochera, kuti kumapiri kwagwa chisanu chimene anthu sanachionepo kwa zaka zambiri, ndipo alimi adzuka n'kupeza mbewu zitapserera m'minda.

Nkhutu anadzambatuka pabedi n'kuthamangira kukhitchini, bulangete likukwekwereka kumapazi.

"Akulu! Akuti kumapiri kwake kuti?"

"Kwanu komweko," anayankha akulu akewo akutakasa tiyi. "Kodi mapiri tili nawo angati?"

Nkhutu anangoti khwethe pakampando ka ana.

Dzina limeneli anamupatsa ndi bambo ake, kudula loti Nkhutukumve, pakuti kuyambira ali wamng'ono akati ichi ndichita, ankachitadi. Atabwerako kusukulu ya zaulimi anamanga nyumba ya mapepala a pulasitiki kuseri kwa munda wa maapozi wa bambo ake, n'kudzalamo khofi. Khofi, kudera kumene madzi a m'ndowa amagona panja n'kudzuka ali gwaa ngati mwala! Anthu anaseka mpaka nthiti kuwawa. Iye sanawalabadire. Nyengo yozizira ikafika ankasonkhezera yekha mbaula ya m'nyumbamo, chaka ndi chaka, mpaka chaka chino mitengo inamuyankha ndi zipatso zofiira psuu. Zoyamba anali atathyola kale n'kuyanika, koma zambiri zinali zikadali m'mitengo.

Ndipo usiku umodzi wokhawo umene mitengoyo inamufunitsitsa, iye anali m'tauni, atafunda bulangete la eni.

"Mbaula wayatsa ndani?" anafunsa.

"Mwina bambo."

"Bambo? Amene amati nyumba yanga ndi tchalitchi cha amisala? Ndi bondo lawo lopweteka lija?"

"Nanga wako uja?"

"Ameneyo musamutchule."

"Ndamutchula kale. Iwe chithunzi chimodzi chokha wathawa kwanu, wathawa mitengo, foni wazimitsa. Mwiniwake unamufunsa? Safunsa anadya phula, mng'ono wanga."

Chithunzicho chinafika pafoni yake Lachinayi. Chinkaonetsa Wabuledi, chibwenzi chake, mnyamata wa malo odyera a pamphambano, akulowa m'nyumba yosungira katundu kwa makolo a Shuga dzuwa litapendeka. Shugayo, mtsikana wogulitsa tchizi amene kwawo amaweta ng'ombe zamkaka, anali pambuyo pake, dzanja lili paphewa la Wabuledi. Wotumiza anali Shuga yemweyo, ndipo pansi pake analembapo kuti: "Buledi amakoma ndi tchizi, asisi, osati ndi zowawa zanuzo."

Akulu ake anamuponyera juzi ndi mpango.

"Basi yoyamba sinanyamuke. Thamanga. Ndipo foniyo uyatse, usandichititse manyazi."

* * *

Foniyo anaiyatsa basi itayamba kukwera zitunda. Foni inanjenjemera m'manja mwake ngati nkhuku yogwidwa, mauthenga a Wabuledi akulowa motsatizana.

"Ndafika kwanu, anansi akuti wachoka. Walowera kuti?"

"Ndamva kuti Shuga wakutumizira chithunzi. Si mmene ukuganiziramo. Ndiyankhe ndikufotokozere."

"Onse amatero," Nkhutu anang'ung'udza. Mayi wina amene anakhala pambali pake atafungatira dengu la mazira anamuyang'ana m'mbali, n'kusendeza dengulo.

A Lachisanu anali ambiri.

"Lero buledi wandipserera. Makasitomala akufunsa ngati ndikudwala."

"Mawa ndi tsiku lija tinaitana anthu kudzalawa khofi wako. Thumba unandisungitsa lija sindinatsegule. Tinapangana kuti tidzakazingira limodzi."

"Wailesi yati usiku uno kugwa chisanu chachikulu. Chonde yatsa foni."

"Ndikupita kwanu. Bambo ako akandithamangitsa, andithamangitse."

Uthenga womaliza unali waufupi.

"Ndafika. Bambo ako atuluka ndi nkhwangwa."

Nkhutu anapitirizabe kutsetsereka ndi chala, koma kunalibenso china. Anaimba, foni ya Wabuledi inali yozima. Anaimbira bambo ake. Inaitana mpaka kuduka yokha. Pamenepo anakumbukira mawu amene mdalayo ananena mwezi wathawo, atamva kuti mwana wake akuyendabe ndi mwamuna wopanda munda, wongokanda ufa: "Wa epuloni uja ndikadzamuona pakhomo pano, adzadziwa chimene chinameta nkhanga mpala."

"Mayi, kodi mwalandira uthenga wamaliro?" anafunsa wa mazira uja.

"Sindikudziwa," anatero Nkhutu. "Mwina awiri. Mwina munda wonse."

* * *

Atatsika basi anathamanga. Udzu wa m'mbali mwa njira unali mbuu, ukuthyoka pansi pa nsapato ngati timagalasi. Nyemba za anansi zinali zitada bii, masamba atalendewera ngati nsanza, ndipo amayi ena anaima m'minda mwawo manja ali kunkhongo. Nkhutu sanapereke moni kwa aliyense.

Pachipata anapeza kagalimoto ka Wabuledi, chitseko chakumbuyo chili pululu. M'nyumba munalibe munthu. Anazungulira kuseri, kudutsa m'mizere ya maapozi, ndipo kenaka anaima. Pachumuni cha nyumba ya pulasitiki pankatuluka utsi woonda, ukukwera mwaulesi.

Anakankha chitseko, mpweya wofunda n'kumumenya kumaso.

Mitengo yake yonse inali itafunditsidwa ziguduli, iliyonse yokha, kumangidwa ndi chingwe m'chiuno ngati ana ovekedwa majasi a akuluakulu. M'tinjira ta pakati munali njerwa zoyalidwa, zina zikufundabe. Pachiguduli chilichonse panali chidindo cha mutu wa ng'ombe, chija chimakhala pamatumba a chakudya cha ziweto kwa makolo a Shuga.

Pafupi ndi mbaula, pabokosi lovundikira, panali bambo ake, ali mtulo, kukamwa kuli yasa, mutu atatsamiritsa paphewa la Wabuledi. Anali atafunda jekete la mnyamatayo. Nkhwangwa inali pansi pakati pa tizibanthu ta nkhuni. Wabuledi anali maso, ofiira ndi utsi, nkhope ili ndi mwaye, koma sankagwedezeka ngakhale pang'ono. Atamuona Nkhutu anangoika chala pamlomo.

Nkhutu anayandikira mtengo woyamba n'kukweza chiguduli pang'onopang'ono, ngati mmene munthu amavundukulira bala. Masamba anali obiriwira, akunyezimira. Zipatso zinali pomwepo, zothithikana m'nthambi. Anapita pa wina, n'kupitanso pa wina. Ya pafupi ndi chitseko yokha ndiyo inali itawauka kunsonga, masamba atapiringizika. Ina yonse inali moyo.

Mpweya umene anausunga m'chifuwa kuchokera m'tauni unatuluka wonse nthawi imodzi. Anakhala pansi padothi, n'kubisa nkhope m'mpango, mapewa akugwedezeka.

"Ndani akulira m'tchalitchi muno?"

Bambo ake anali atadzuka. Anazindikira pamene panali mutu wawo, n'kudziwongola msangamsanga, akutsokomola.

"Sindinagone ayi. Ndimangopumitsa maso."

"Bambo," anatero Nkhutu akupukuta misozi, "nkhwangwa ija..."

"Nkhwangwa yatani? Nkhwangwa ndi yowazira nkhuni. Umafuna ndiwaze ndi mano?" Anatambasula mwendo wa bondo lija, n'kubuula. "Ine ndinamva wailesi. Ndinati mwana wamisala uja wasiya ana ake pamphepo, ndikangoyatsa kamoto kuti asadzati bambo ndi mfiti. Ndikutuluka chonchi, ndikupeza munthu pachipata manja ali m'mwamba, akuti, 'Bambo, mundiphe mawa, lero tipulumutse kaye mitengo.'"

Wabuledi anayang'ana pansi, akumwetulira.

"Mbaula yakoyi yokha sikanakwanitsa," anapitiriza mdalayo. "Awa anakoleza uvuni wawo kumphambano, kumawotcha njerwa, kumabwera nazo pagalimoto zili moto, kubwerera, kubweranso. Ndinasiya kuwerenga. Nkhuni zako zitatha ndinawaza matabwa anga."

"Matabwa ati?"

"A ming'oma."

Nkhutu anawayang'ana. Matabwa amenewo bambo ake anawasunga chaka chathunthu kuti adzakhomere ming'oma yatsopano ya njuchi, ndipo ngakhale mphaka sankaloledwa kugonapo.

"Usandiyang'ane choncho. Njuchi sizithawa." Anavula jekete lija n'kulipereka ndi manja awiri. "Landirani chovala chanu. Mwazizidwa chifukwa cha ine."

Landirani. Mwazizidwa. Nkhutu anamva bwinobwino. Kufikira dzulo lake, Wabuledi anali "iwe" ndi "wa epuloni uja".

* * *

Mdalayo atapita kukasamba, awiriwo anatsala akumasula ziguduli, poti dzuwa linali litayamba kufunditsa pulasitiki. Nkhutu ankapinda, Wabuledi ankasanja.

"Ndiye kwa Shuga umakatenga zimenezi," anatero Nkhutu, maso ali pachidindo cha ng'ombe.

"Zimenezi. Alimi achikulire amene amadzamwa supu kwanga akhala akunena kuti mphepo ya chaka chino si yabwino. Ndinafunsa kumene ndingapeze ziguduli zambiri, onse anati kwa a ng'ombe. Madzulo ndikatseka ndinkapita kukasankha zosang'ambika."

"Shuga ankadziwa kuti n'za chiyani?"

"Ndinamuuza tsiku loyamba. Ndinati n'zofunditsa khofi wa mkazi amene ndidzamukwatire."

Nkhutu anapinda chiguduli chimodzi kawiri, n'kuchipindanso pamene sipankafunika.

"Nanga dzanja lija?"

"Anati paphewa panga pali kangaude."

"Kangaude."

"Ndinamuthokoza ndithu. Sindinadziwe kuti kangaudeyo ali ndi msuweni wojambula kuseri kwa thanki."

Nkhutu anayesa kuumitsa nkhope, koma kuseka kunamutulukira m'mphuno.

"Bwanji sunandiuze kuti ukusonkhanitsa ziguduli?"

"Chaka chatha, mphepo itang'amba denga ili, ndinabwera ndi makwerero. Unandiuza chiyani?"

Nkhutu anatola chiguduli china n'kuyamba kuchipinda.

"Unati chiyani, Nkhutu?"

"Ndinati mitengo yanga ndimaidziwa ndekha."

"Ndiye ndinati ndingozisunga m'galimoto phee. Chisanu chikapanda kubwera, sudzadziwa. Chikabwera, udzandikalipira mitengo ili moyo."

Nkhutu anaika chiguduli pansi. Mawu opepesa sankamutuluka kawirikawiri. Anayandikira, n'kuyamba kupukuta mwaye pachipumi cha Wabuledi ndi nsonga ya mpango. Kenaka anaona zikhatho zake. Zinali ndi matuza, ena ataphulika.

"Njerwa?"

"Magolovesi anabooka pakati pa ntchito."

"Ndipo foni?"

"Inathera moto ndikukulembera kuti nkhwangwa ija ndi ya nkhuni, si ya khosi langa."

"Ndinalakwa," anatero Nkhutu mofulumira, ngati akumeza mankhwala. "Ndikanakufunsa. Ndikanayankha. Sindibwerezanso mawu amenewa, ndiye uwasunge bwino."

"Ndawamva. Ndikawaika mufuliji."

Wabuledi anamukumbatira mosamala, zikhatho zili m'mwamba kuopa matuza. Juzi lake linkanunkha utsi ndi ufa. Nkhutu anatseka maso, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni Lachinayi, mtima wake unakhala m'malo.

"Nanga alendo aja?" anafunsa ali pachifuwa pomwepo. "Sunagone, manja ndi awa. Tiwauze abwere sabata yamawa?"

"Ayi. Lero anthu ataya mbewu. Akufunika pokhala pofunda ndi kanthu kotentha m'manja. Iwe ukanda ufa, ine ndizikulamula."

"Undilamule ine?"

"Lero lokha. Mawa tibwerera mwakale."

* * *

Malo odyera a Wabuledi anali chipinda chimodzi chachitali, matebulo athabwa, ndi uvuni wa njerwa kumapeto. Lamulo lake linali limodzi: chilichonse cholowa m'mbale chichokere m'minda ya m'deralo. Ufa unali wa tirigu wa kutsidya kwa mtsinje, mbatata ndi anyezi za alimi a m'zitunda, batala ndi tchizi za kwa Shuga. Uchi ndi juwisi wa maapozi zinali za bambo a Nkhutu, ngakhale eni akewo ankagulitsa kudzera kwa mnansi kuti asaonane ndi wa epuloni. Khofi yekha ndiye ankasowa, ndipo pakhoma panali kabolodi kolembedwa ndi choko: "Khofi: tikudikira mitengo."

Masana, buledi atatuluka, anatsegula thumba lija. Nkhutu anathira khofi wouma m'chiwaya chachikulu n'kumatakasa ndi mthiko, Wabuledi ataima pambali manja atakulungidwa mabandeji. Njerezo zinasanduka zachikasu, kenaka zofiirira, n'kuyamba kuthetheka. Fungo linadzaza chipinda, linatulukira pakhomo mpaka pamsewu, moti wokonza njinga wa patsidya anasiya sipanala n'kubwera akununkhiza m'mwamba.

Ndi nthawi imeneyo pamene Shuga analowa, atanyamula tchizi m'bokosi, milomo itapakidwa zofiira, nsapato zikugogoda pansi. Ataona Nkhutu atavala epuloni ya Wabuledi, phazi lake linazengereza pang'ono, koma kumwetulira sikunachoke.

"Asisi! Mwabwera? Ine ndinamva kuti munasamuka. Pepanitu ndi chisanu. Khofi ndi mbewu yofuna mwini wokhala pakhomo."

"Zikomo," anatero Nkhutu osasiya kutakasa. "Ukawathokozenso bambo ako chifukwa cha ziguduli. Mitengo yanga yagona mofunda kuposa ine."

"Yapulumuka?"

"Yapulumuka. Ng'ombe zanu zaigwira ntchito."

Shuga anaika bokosi patebulo mwamphamvu kuposa mmene zimafunikira. Anatembenukira kwa Wabuledi, mawu atawafewetsa.

"Mayo, manja ako! Wapsa chonchi chifukwa cha timitengo? Bwera ndikudzoze mafuta, kwathu tili ndi abwino."

"Adzozedwa kale," anatero Wabuledi. Sanakweze mawu. "Shuga, tchizi wanu ndi wabwino, ndipo ndipitiriza kugula. Koma kuyambira lero azibweretsa ndi mchimwene wako. Chithunzi chija ndachiona. Unadziwa chimene ndinadzera kwanu."

"Inali nthabwala chabe. Kodi anthu inu simuseka?"

"Timaseka," anayankha Nkhutu, akutsanulira khofi wokazinga m'lichero kuti azizire. "Khala pansi udye nafe. Ndikuthira zowawa zija ulaweko. Ukafuna shuga, udzithira wekha."

Wokonza njinga anaseka mpaka kugwira khoma. Shuga anakoka chikwama chake.

"Sekani lero," anatero ali pakhomo. "Nyengo yozizira sinathe."

Nkhutu anayembekeza kuti mtima wake uwira ngati kale, koma unali zii. Anangomva chisoni pang'ono poona mtsikanayo akuwoloka msewu yekha, nsapato zake zikutererera pamatope a chisanu chosungunuka.

* * *

Anthu anayamba kufika dzuwa litapendeka. Ambiri anabwera nkhope zili zakugwa, akukambirana za nyemba ndi tomato zimene zapita. Koma m'chipindamo munali mofunda. Panali supu ya mbatata, buledi wotentha wopaka batala, uchi m'timbale, tchizi wodulidwa mopyapyala, ndi maapozi owotcha mu uvuni. Pang'onopang'ono mapewa anatsika, mawu anakwera. Wina analonjeza mnzake mbewu ya nyemba yobzalanso, wina anati ali ndi mbande za kabichi zotsala.

Kenaka pakhomo panaima bambo a Nkhutu, atavala jekete la kutchalitchi, ndodo ili m'manja. Onse anatembenukira kukhomo, pakuti aliyense ankadziwa kuti phazi lawo linali lisanapondepo m'menemo.

"Mukundiyang'ana chiyani? Ndabwera kudzaona ngati uchi wanga akuusunga bwino."

Wabuledi anawakokera mpando wa pafupi ndi uvuni. Nkhutu anasinja khofi, anathira madzi owira, n'kudikira. Zaka zonsezi anali asanalawepo chipatso cha mitengo yake, ndipo mantha anamugwira: bwanji ngati akoma ngati makala? Bwanji ngati anthu aja ankaseka zoona?

Kapu yoyamba anaipereka kwa bambo ake, atagwira ndi manja awiri. Mdalayo ananunkhiza, anauzira, n'kupsontha pang'ono. Anayendetsa lilime m'kamwa. Anapsonthanso.

"Bambo, nenani kanthu," anatero Nkhutu. "Anthu akomoka."

"Akuwawa."

"Khofi amawawa, bambo."

"Ndikudziwa, sindine mwana. Akuwawa, koma kumapeto kwake kukubwera kanthu ngati... ngati maula akupsa." Anayang'ana m'kapu. "Ameneyu wamera kuseri kwa nyumba yanga?"

"Kuseri kwa maapozi anu."

"Mayi ako akanakhala moyo, akanayenda khomo ndi khomo ndi kapu imeneyi." Anatsokomola, n'kupukuta m'maso ndi chala chachikulu. "Utsi wa dzulo uja sunandichokebe. Thira ina."

Chipinda chonse chinaombera m'manja. Makapu anayenda, ena akuthira mkaka, ena uchi, ena akumwa wakuda kuti aoneke ozindikira. Nkhutu analawa wake ataima kuseri kwa kauntala. Anali wabwino. Sanali wodabwitsa dziko, koma anali wabwino, ndipo anali wake. Wabuledi anatenga kansanza n'kumupatsa, akuloza kabolodi kaja ndi chibwano. Nkhutu anafufuta mawu oti "tikudikira mitengo", n'kulemba kuti "alipo".

Anthu atayamba kuchepa, mdala uja anakodola Wabuledi.

"Khalani apa. Ine ndinkati mwamuna wopanda munda ndi mbalame, lero ili pano, mawa yauluka. Koma mbalame sinyamula njerwa zamoto." Anagogoda pansi ndi ndodo. "Mwana wangayu ndi wovuta, ndikuchenjezeretu. Samva. Ine ndalephera, mwina inu mudzatha. Akuluakulu a kwanu alipo?"

"Alipo, bambo. Amalume ndi mayi."

"Auzeni adzandipeze. Asabwere m'mawa, ndimakhala ku njuchi."

Nkhutu anagwira m'mphepete mwa kauntala. Ankafuna kuseka, kulira ndi kukhala pansi nthawi imodzi. M'mawa wa tsiku lomwelo anali m'basi akuwerengera maliro, ndipo tsopano bambo ake ankanyema buledi wa Wabuledi n'kumamuviika mu uchi wawo womwe, ngati akhala akutero moyo wawo wonse.

"Tijambulitse," anatero Nkhutu. "Akulu sakhulupirira ndikangowauza pakamwa."

Anapereka foni yake kwa Wabuledi, n'kukaima pambali pa bambo ake pansi pa kabolodi, atanyamula kapu. Mdalayo anakonza kolala, anaimika chifuwa, n'kutulutsa mano.

Wabuledi anakweza foni movutikira ndi zala zake zamabandeji. Isanajambule, inalira kamodzi, uthenga n'kutsika pamwamba pa galasi. Nkhutu anaona maso ake akuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, n'kubwereranso poyambira. Kumwetulira kunazimirira pankhope pake pang'onopang'ono, ngati moto wothiridwa phulusa.

"Jambulanitu," anatero mdalayo osatseka pakamwa. "Mano auma."

Nkhutu anaika kapu pansi n'kupita kukasuzumira. Anaona dzina la wotumiza. Anali mnzake wa kusukulu ya zaulimi, amene anamufunsirapo kalekale n'kukanidwa, ndipo tsopano ankayang'anira esiteti yaikulu ya khofi kutali, kumadera otentha. Kwa nthawi yaitali ankamunyengerera kuti apite akagwire naye ntchito. Lachinayi lija, chithunzi cha Shuga chili m'maso, misozi ikutsika, Nkhutu anamulembera mawu angapo asanazimitse foni. Chisanu, nkhwangwa ndi chimwemwe cha tsikuli zinamuiwalitsiratu.

Uthengawo unkati: "Mabwana avomera, ntchito ndi yako, ndipo ndawauza kuti walonjeza. Popeza wati kumeneko kulibenso chokugwira mwendo, ndikubwera ndekha kudzakutenga Lolemba. Nyumba ndakupezera pafupi ndi yanga. Ndinkadziwa kuti tsiku lina udzatopa naye wophika uja."

"Ndikufotokozera," anatero Nkhutu. "Si mmene ukuganiziramo."

Wabuledi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaika foniyo patebulo pang'onopang'ono, pakati pa makapu.

"Kodi chachitika n'chiyani?" anafunsa mdala uja, akuyang'ana uyu ndi uyu. "Foni yafa?"

"Foni ili bwino, bambo," anayankha Wabuledi, maso ali pa Nkhutu. "Koma amalume ndisawaitane kaye. Mwana wanu ali ndi ulendo Lolemba."